Maiki ya Woyimba pa Siteji: SM58, Beta 58A, e945, OM7 Kapena Condenser?

Pa zida zonse za bandi, maiki ya woyimba ndiyo ili ndi ntchito yowawa kwambiri. Kiyibodi imalowa mu mikisa, chida chosakanizira mawu a zida zonse, kudzera pa chingwe, osakumana ndi phokoso lililonse panjira. Gitala ya besi nayo chimodzimodzi. Koma mawu a munthu amatuluka pakamwa n'kudutsa mumpweya womwewo umene wadzaza kale ndi ng'oma, magitala ndi masipika, ndipo maiki ilibe nzeru zosiyanitsira. Chimene chafika pa iyo imatola basi. Woomba ng'oma akamenya mbale zake zachitsulo kumbuyo kwa woyimba, mbalezo zimalowa mu maiki ya woyimbayo, ndipo wa pa mikisa akati akweze mawu a woyimba amakweza ndi mbale zomwe.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ambiri posankha maiki amayambira kolakwika. Amaiyesa m'chipinda cha zii, atavala mahedifoni, n'kukondwera ndi imene yawatulutsira mawu osalala ndi onenepa. Kukoma kumeneko n'kofunika, sindikukana, koma kumabwera pambuyo. Choyamba n'kuidziwa siteji imene mumayimbapo: phokoso lake ndi lochuluka bwanji, sipika imene mumadzimverapo imakhala pati, ndipo inuyo mukamayimba pakamwa panu pamatalikirana bwanji ndi maiki. Mukayankha mafunso atatu amenewa moona mtima, mamaiki ambiri amagwa okha pa mndandanda musanawamve n'komwe.

Dynamic ndi condenser

Mamaiki ogwira pamanja alipo a mitundu ikuluikulu iwiri. Ya dynamic ili ndi kanembanemba kopyapyala kolumikizidwa ku kawaya kokulungakulunga, ndipo kawayako kali mkati mwa maginito. Mawu akagunda kanembanemba, kawayako kamagwedezeka m'maginitomo n'kupanga timagetsi tochepa timene timapita ku mikisa. Sifuna batire kapena mphamvu yochokera kwina. Popeza kanembanembako kasenza waya, n'kolemererapo, choncho sikatsatira bwinobwino tinthu ting'onoting'ono ta m'mawu. Mu situdiyo anthu angati kumeneko n'kufooka. Pa siteji yaphokoso kumathandiza, chifukwa kuwalawala kwa mbale zachitsulo sikutulukira kwambiri.

Ya condenser kanembanemba kake n'kopepuka zedi, ndipo kali pafupi ndi kambale kosasuntha. Kusintha kwa kampata ka pakati pa ziwirizi ndiko kumasanduka magetsi a mawu. Mkati mwake muli tizipangizo tofuna mphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera mu mikisa kudzera pa chingwe chomwecho cha maiki, chotchedwa XLR. Imatchedwa phantom power, ndipo kawirikawiri imakhala mavoti 48. Condenser imatola mpweya wa woyimba, kunjenjemera kwa mawu kumapeto kwa mzere, ndi zilembo zonse momveka. Imatolanso momveka zonse zimene zili kumbuyo kwanu.

Ndiye ngati bandi yanu ili ndi ng'oma zenizeni zoombedwa mwamphamvu ndi magitala okhala ndi ma amp awo (mabokosi okuzira mawu) pa siteji, yambirani pa dynamic. Za condenser tibwererako.

Kumene maiki imamva ndi kumene yagontha

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamachokera kulira kobaya m'makutu kuja, feedback. Imayamba mawu otuluka mu sipika akalowanso mu maiki, n'kukuzidwa, n'kutulukanso atakula, n'kulowanso, mpaka zida zonse zikulira zokha. Sipika yoopsa kwambiri pa nkhaniyi ndi monita, ija imagona pansi kutsogolo kwa woyimba italoza kumaso kwake, chifukwa ndiyo ili pafupi ndi maiki kuposa ina iliyonse.

Maiki iliyonse ya woyimba inapangidwa kuti izimva kwambiri kutsogolo, koma kapangidwe kake kamasiyana. Ya cardioid imamva bwino kutsogolo, m'mbali imamva mocheperapo, ndipo kumbuyo kwenikweni, kumchira kumene kumalowa chingwe, ndiko yagontheratu. Monita imodzi yoikidwa patsogolo penipeni pa woyimba, moyang'anizana ndi mchira wa maiki, imakhala pamalo ogonthawo. N'chifukwa chake kaikidwe kameneka ndi kamene mumakapeza pa masiteji ambiri.

Ya supercardioid ndi yopapatiza. Phokoso la m'mbali imalikana kuposa cardioid, ndiye gitala ya mnzanu amene waima kumanja kwanu silowa kwambiri. Koma ili ndi kakhutu kakang'ono kumbuyo, kumchira kuja. Malo ake ogontha ali pa madigiri pafupifupi 125 kuchokera kutsogolo, ndiko kuti chakumbuyo koma chakumbali, kumanzere ndi kumanja. Ya hypercardioid ndi yopapatiza kuposa pamenepo: malo ogontha ali pa madigiri pafupifupi 110, ndipo kakhutu kakumbuyo kaja n'kokulirapo.

Taonani tsono zimene zimachitika kawirikawiri. Woyimba wamva kuti supercardioid imakana feedback, wagula, wafika nayo pa siteji, koma monita yatsala pomwe imakhala nthawi zonse, kumchira kwenikweni kwa maiki. Sipika ija tsopano ikuyankhulira m'kakhutu kakumbuyo kaja, ndipo feedback ikubwera msanga kuposa kale. Maiki ilibe mlandu. Monitayo inafunika kusunthidwira chakumbali, kapena paikidwe awiri, kumanzere ndi kumanja, aliyense ataloza woyimba. Ngati mumayimba m'malo amene simungathe kusuntha mamonita, kapena simudziwa amene mudzampeze pa mikisa, mfundo imeneyi yokha ndi yokwanira kukusankhitsani cardioid.

Kupapatiza kuli ndi mtengo winanso. Maiki yopapatiza imafuna kuti pakamwa panu pasachoke patsogolo pake. Woyimba amene akuyimbanso gitala, n'kumayang'ana zala zake pa khosi la gitalayo, amatembenuza mutu osadziwa, ndipo pa supercardioid mawu ake amazimirira nthawi iliyonse akatero. Wa kiyibodi amene amafikira uku ndi uku nayenso chimodzimodzi. Anthu oterewa cardioid imawakhululukira zambiri.

Shure SM58

Sitingapite patali osaitchula. Kampani ya Shure, imene inayamba ku Chicago mu 1925, inatulutsa SM58 mu 1966, ndipo mpaka lero ndiyo maiki imene mungaipeze pa masiteji ambiri padziko. Ndi dynamic, ndi cardioid, imatola mawu kuyambira apansi a 50 Hz mpaka apamwamba a 15 kHz, ndipo imalemera magalamu 298. Kachisoti kake ka mawaya kozungulira kanapangidwa koti kapindike maiki ikagwa, kuti nkhonya ithere pa kachisotiko osafika mkati. Kakapindika mumakamasula n'kuikapo katsopano. Mkati muli kotsamira kofewa kamene kamachepetsa phokoso la zala ndi la kugwedezeka kwa sitandi.

Mawu ake ndi otani? Pakati ndi odzaza, ndipo chapamwamba pang'ono pali kukwera kumene kumathandiza mawu a munthu kubowola pakati pa magitala. Pamwamba penipeni ilibe kuwala kwambiri. Munthu wa mawu akuya, olemera, amene amayimba milomo itagunda maiki, angathe kumveka ngati waphimbidwa nsalu kukamwa mpaka wa pa mikisa atadula besi ndi kuchotsako pang'ono cha pakati pa 200 ndi 400 Hz. Munthu wa mawu opyapyala, akuthwa, SM58 imamukomera, chifukwa imawafewetsa.

Pali mamaiki atsopano amene amaiposa pa kumveka, zimenezo n'zoona. Komabe SM58 ili ndi mwayi umene ena alibe: aliyense wogwira ntchito pa mikisa amaidziwa. Mukamupatsa, sataya nthawi kufufuza. Amadziwa pamene imayambira kulira, pamene angadule, ndi gain imene imafuna, ndiko kuti mlingo wokuzira mawu a maiki polowa mu mikisa. Kwa bandi imene imayimba malo osiyanasiyana, ndi nthawi yochepa yoyesera zida, kudziwika kumeneku kumapulumutsa madzulo ambiri. Ine ndikanena kuti munthu amene sakudziwa poyambira atenge SM58, sindikunena mongotengera anthu. Ndikunena chifukwa ndi maiki imene sikawirikawiri kukhala chifukwa chimene zinthu zasokonekera.

Ilipo ina yokhala ndi switchi, SM58S. Kwa woyimba m'bandi musaitenge. Chala chimaizimitsa pakati pa nyimbo, wa pa mikisa n'kumafufuza vuto pa zingwe. Kuzimitsa maiki ndi ntchito ya ali pa mikisa.

Beta 58A ndi abale ake a ku Sennheiser

Beta 58A ambiri amaitenga ngati SM58 yokwezedwa udindo, koma ndi maiki ina. Ndi supercardioid, ili ndi maginito a neodymium amene ndi amphamvu kwambiri, imafika 16 kHz, ndipo kachisoti kake n'kachitsulo cholimba kosapindika msanga. Mawu ake ndi owala ndi otsogola kuposa a SM58, besi wake ndi wochepetsedwa. Kwa munthu wa mawu akuya amene amamira m'phokoso la bandi, imamutulutsa poyera. Kwa munthu amene mawu ake ndi akuthwa kale, kapena amene zilembo za "s" ndi "ts" zimamutuluka mobaya, ikhoza kutopetsa makutu a omvera usiku usanathe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa anthu poyerekeza ziwirizi. Beta 58A imatumiza magetsi ochulukirapo ku mikisa, ndiye mukaisinthanitsa ndi SM58 osakhudza gain imamveka mokweza, ndipo khutu la munthu limakonda chimene chamveka mokweza. Kukweza kumeneko si phindu. Gain ya pa mikisa ikhoza kukupatsani zomwezo pa maiki iliyonse. Poyesa, linganizani kaye kukwera kwa mawu a ziwirizo, kenako muweruze.

Sennheiser, kampani ya ku Germany, ili ndi gulu la mamaiki lotchedwa evolution limene linayamba mu 1998. Anayi ndiwo amamveka kwambiri kwa oyimba, ndipo manambala ake ndi osavuta kuwatsata: e835 ndi e935 ndi cardioid, e845 ndi e945 ndi supercardioid, ndipo oyamba ndi 9 ndi apamwamba kuposa oyamba ndi 8. E835 imapikisana ndi SM58, ndipo imatuluka yowalirapo musanakhudze EQ, mabatani a pa mikisa owonjezera kapena kuchepetsa mawu apansi, apakati ndi apamwamba. Pa mikisa yaing'ono yopanda zosinthira zambiri, kapena pamene woyimba akudzisakanizira yekha mawu ali pa siteji, zimenezi zimathandiza. Ena amaiona yakuthwa pang'ono chapamwamba.

E935 ndi e945 zimafika 18 kHz, ndipo kwa khutu langa ndi zina mwa dynamic zimene zimatulutsa mawu a munthu mwachibadwa kwambiri pa mamaiki amene oyimba wamba angawafikire. Zili ndi kuwala, koma kosalala kuposa kwa Beta 58A. Mukandifunsa kuti woyimba wotsogolera amene wakula pa SM58 ndipo akufuna kumveka bwinoko apite kuti, ndingamuuze ayese e935 poyamba, chifukwa safunika kusintha kaimidwe kake kapena malo a monita. Ngati siteji yake ndi yothinana, ma amp ali m'mbali mwake, ndipo iye amadziwa kukhazikika patsogolo pa maiki, e945.

Siteji ikakhala yaphokoso loopsa

Pali mabandi amene phokoso la pa siteji ndi mbali ya nyimbo zawo, ndipo kuwauza kuti atsitse ma amp n'kutaya mawu. Kwa amenewa kuli Audix OM7, yopangidwa ndi kampani ya ku Oregon. Ndi hypercardioid, ndipo anaipanga dala kuti izitumiza magetsi ochepa. Munthu wosaidziwa akailumikiza amaganiza kuti ndi yowonongeka, chifukwa imafuna gain yambiri kuti imveke. Ukaiyimbira milomo itagunda kachisoti, mawu amatuluka oyera ndipo ng'oma zakumbuyo zimatsalira kutali. Ukangosuntha pang'ono, wasowa. Ndi maiki ya woyimba wamphamvu, wodziletsa, amene sachotsa pakamwa pa maiki. Kwa woyimba wa mawu ofatsa, kapena amene amakonda kusewera ndi mtunda, ndi chilango. Imafunanso mikisa yabwino, chifukwa mikisa yofooka ikakwezedwa gain kwambiri imayamba kutulutsa kaphokoso kake ka "sss".

Ena ndingowadutsa mwachangu. AKG D5 ndi sE Electronics V7 onse ndi supercardioid, ndipo amachita zambiri poyerekeza ndi ndalama zimene amadya. V7 makamaka yatchuka chifukwa chokana bwino phokoso la m'mbali popanda kukhala yakuthwa. Telefunken M80 ndi dynamic imene kuwala kwake kumayandikira kwa condenser. Mawu akuda, olemera, imawatsegula bwino, koma kuwala komweko kumatulutsanso mbale zachitsulo ngati woyimba waima patsogolo penipeni pa ng'oma. Shure KSM8, imene inatuluka mu 2016, ili ndi tinembanemba tiwiri m'malo mwa kamodzi, ndipo inapangidwa kuti mawu asamasinthe kwambiri woyimba akayandikira kapena akatalikira. Kwa munthu amene sakhazikika pa maiki ndi mankhwala enieni, ngakhale ndi yodula kwambiri kuposa anzakewo.

Nanga condenser?

Nthawi yake ilipo. Ngati bandi imayimba modekha, ng'oma zikuombedwa mofatsa kapena zatchingidwa, ndipo makamaka ngati oyimba amadzimvera pa timahedifoni tolowa m'khutu m'malo mwa mamonita apansi, condenser imapereka chinthu chimene dynamic singapereke. Monita ikachoka pansi, gwero lalikulu la feedback lachoka nalo, ndipo maiki yomva kwambiri imapeza mpata wopuma.

Neumann, kampani ya ku Berlin yodziwika ndi mamaiki a mu situdiyo, ili ndi KMS 104 ya cardioid ndi KMS 105 ya supercardioid. Pa woyimba wodziwa kulamulira mpweya wake, pa siteji yachete, zimamveka mokoma kwambiri moti munthu amaiwala kuti pali masipika. Shure ili ndi Beta 87A ya supercardioid ndi Beta 87C ya cardioid, zowala ndi zopepuka m'manja. Sennheiser e965 ndi Shure KSM9 zili ndi kaswitchi kosinthira pakati pa cardioid ndi supercardioid, zimene zimathandiza munthu woyimba m'malo osiyanasiyana.

Musanatulutse ndalama, dzifunseni zinthu ziwiri. Kodi mikisa iliyonse imene mudzakumane nayo ili ndi phantom power? Popanda imeneyo maiki yanu ndi chitsulo chabe. Pa mikisa ina yaing'ono batani lake ndi limodzi la machanelo onse, koma zimenezo zisakuopseni: dynamic yolumikizidwa ndi chingwe chabwino cha XLR siwonongeka ndi mavoti 48. Chachiwiri, kodi kumbuyo kwanu kumakhala chiyani? Ngati ndi woomba ng'oma wa dzanja lolemera, KMS 105 yanu idzasanduka maiki ya ng'oma yodula kwambiri pa siteji yonse, ndipo wa pa mikisa adzakakamizika kudula pamwamba pomwe munalipirira. Condenser imafunanso kusamalidwa. Chinyezi ndi kugwetsedwa zimaipweteka msanga kuposa dynamic, ndiye si maiki yopatsirana m'manja ndi aliyense wokwera pa siteji.

Dzanja ndi pakamwa

Zimandipweteka kuona woyimba waluso atagula maiki yabwino kenako n'kuipha ndi kagwiridwe. Maiki imadziwa kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa mawu amalowa mbali ziwiri: kutsogolo kwa kanembanemba, ndiponso kumbuyo kwake kudzera m'timabowo tili m'munsi mwa kachisoti. Mukafumbatira kachisotiko ndi dzanja mwatseka timabowoto. Maiki ija imasiya kukhala cardioid kapena supercardioid, imayamba kumva mbali zonse, malo ogontha aja amatha, ndipo monita imalowa momasuka. Mawu nawo amasintha, amamveka ngati munthu akuyankhulira m'chitini. Palibe maiki pa mndandanda wonsewu imene imapirira zimenezi. Gwirani pa thupi lake, m'munsi mwa mutu.

Mtunda nawo ndi nkhani yaikulu kuposa mtundu wa maiki. Mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maiki ukawirikiza kawiri, mawu ofika pa maikiyo amatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Ng'oma ndi magitala sizitsika, chifukwa sizinasunthe. Ndiye woyimba amene waima masentimita 20 kuchokera pa maiki akupempha wa pa mikisa kuti akweze gain kwambiri kuposa amene ali pa masentimita 5, ndipo gain yowonjezerayo ikukweza phokoso lonse la pa siteji pamodzi ndi ngozi ya feedback. Woyimba wa mawu ofatsa amene akudandaula kuti sadzimva, nthawi zambiri mankhwala ake oyamba n'kuyandikira.

Kuyandikirako kumabwera ndi chinthu china. Mamaiki onse omva mbali imodzi amawonjezera besi pakamwa pakayandikira kwambiri. Oyimba odziwa amagwiritsa ntchito zimenezi ngati chida: pa mzere wofatsa amayandikira kuti mawu anenepe, pa mzere wokuwa amabwerera m'mbuyo pang'ono. Besi akachuluka, pa mikisa pali batani lodulira mawu apansi, lolembedwa HPF kapena low cut, limene kawirikawiri limadula cha pa 80 kapena 100 Hz. Pa maiki ya woyimba lizikhala loyatsa nthawi zonse. Pansi pamenepo mulibe nyimbo ya munthu, muli kugunda kwa mapazi pa siteji ndi mpweya wa "p" ndi "b".

Yopanda chingwe

Maiki yopanda chingwe ndi mutu womwewo wa maiki, kungoti waikidwa pa kawailesi kotumiza mawu. Mungapeze SM58, Beta 58A kapena e945 m'mtundu umenewu, ndipo zonse tanena za cardioid ndi supercardioid zimagwirabe ntchito. Chimene mwawonjezera ndi ufulu woyenda, pamodzi ndi mavuto atatu atsopano: mabatire, kulimbirana mafunde ndi zida zina, ndi malamulo. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a mafunde amene maiki yotere ingagwiritse ntchito, ndiye imene ili yololedwa kwina ikhoza kukhala yoletsedwa kumene muli. Zina zimayenda pa 2.4 GHz, mafunde omwewo a Wi-Fi, ndipo m'holo yodzaza anthu okhala ndi mafoni zikhoza kumadukiza. Woyendayenda akumbukirenso kuti akadutsa kutsogolo kwa masipika akuluakulu, feedback ikumudikira pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti ndalama zomwezo zimagula maiki yachingwe yabwino kwambiri kapena yopanda chingwe yofooka. Ngati simuvina kapena kulowa pakati pa anthu, tengani yachingwe. Ngati mukufunikiradi yopanda chingwe, yachingwe ikhalebe pa sitandi chapafupi, yolumikizidwa kale.

Chenjerani ndi zachinyengo

Mamaiki otchuka, makamaka SM58, Beta 58A ndi a Sennheiser, amakopedwa kwambiri, ndipo zokopazo kunja zimafanana ndi zenizeni mpaka bokosi lomwe. Mkati ndi momwe muli bodza. Yachinyengo kawirikawiri imamva mbali zonse, imalira msanga, ndipo mukaisisita ndi chala phokoso limamveka m'masipika. Nthawi zambiri imapepukanso. Munthu amene amati SM58 ndi maiki yoipa, mwina sanagwirepo yeniyeni. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampaniyo, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu.

Kayesedwe kake

Bwerekani ziwiri kapena zitatu kwa anzanu oyimba, mupite nazo kokonzekera nyimbo, kumene kuli bandi yonse ndi masipika amene mumagwiritsa ntchito. EQ ikhale pakati, batani lodula besi likhale loyatsa, gain ilinganizidwe kuti onse amveke mofanana. Yimbani nyimbo yanu yofatsa kwambiri ndi yaphokoso kwambiri. Wina amene mumakhulupirira khutu lake aime kumene kumakhala omvera, chifukwa inuyo mumadzimva kudzera m'mafupa a m'mutu mwanu, ndipo zimene mukumva si zimene akumva anthu.

Kenako chitani ichi, chimene ambiri sachita: siyani kuyimba, bandi ipitirize, wa pa mikisa amvetsere chanelo yanu yokha pa mahedifoni. Zimene akumvazo ndi zinyalala zimene maikiyo imathira m'mawu anu nthawi zonse. Yerekezani mamaikiwo pamenepo. Pomaliza kwezani monita pang'onopang'ono, mosamala makutu a anthu, mpaka itangoyamba kulira, muone kuti ndi maiki iti yakulolani kufika patali, monita ili pamalo oyenera mtundu wake.

Ngati bandi ili ndi oyimba othandizira atatu kapena anayi, aguliredwe mamaiki a mtundu umodzi. Maiki iliyonse ili ndi malo ake amene imayambira kulira, ndipo ikakhala mitundu inayi wa pa mikisa amayenera kudula malo ambiri pa mamonita mpaka mawu onse amafooka. Ikakhala mtundu umodzi amadula pang'ono n'kumaliza. Apa SM58 kapena e835 zimakwanira bwino lomwe, ndipo ndalama zotsala zipite ku maiki ya wotsogolera. Kumbukiraninso kuti maiki iliyonse yotsegula imachepetsa mpata umene muli nawo feedback isanayambe, choncho imene sikuyimbidwa pa nyimbo imeneyo itsekedwe pa mikisa.

Mukaipeza yanu, muziyenda nayo nokha, pamodzi ndi kogwirira kake ka pa sitandi, chifukwa matupi a mamaiki sakula mofanana ndipo kogwirira ka maiki ina kakhoza kukhala kothina kapena kokhwepa. Kachisoti muzikamasula nthawi ndi nthawi n'kukatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kaume kaye bwinobwino musanakabwezere. Malovu ndi fumbi zikatseka kasiponji ka mkati, mawu apamwamba amayamba kuzimirira pang'onopang'ono inu osazindikira. Ndipo mukafika pamalo atsopano, musanayimbe liwu limodzi, muuzeni wa pa mikisa dzina la maiki yanu, ngati ikufuna phantom power, ndiponso ngati ndi supercardioid, kuti monita asunthiretu.